Makutu a Sokosi

Ine ndinanena tsiku lomwelo kuti kanyama aka katibweretsera mavuto. Mwana wanga anabwera nako m'katoni akuchokera kuntchito. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina, ndiye banjalo posamuka linamupatsa kamwana ka kalulu kuti akapatse mwana wake. Ndinasuzumira m'katonimo n'kuona kanthu kotuwa, ka mapazi oyera onse anayi, kongokwana m'dzanja limodzi.

"Kabwezeni," ndinatero. "Kaluma mwana. Katafuna nthambo za magetsi, nyumba n'kupsa tili momwemo."

"Amayi inunso," anatero mwana wanga akuvula nsapato. "Chingwe chikagwa pansi mumati ndi njoka."

Mdzukulu wanga, mtsikana wa zaka khumi, anali atakakumbatira kale. Anakatcha Sokosi chifukwa cha mapazi oyerawo. Ndinadziwa kuti ndagonja.

Timakhala m'zipinda ziwiri za lendi, pamdadada wa makomo asanu ndi limodzi oyang'ana bwalo limodzi. Mpope ndi umodzi, chingwe choyanikapo zovala n'chimodzi, zimbudzi zili kuseri. Mwana wanga amachoka m'mamawa, mdzukulu amapita kusukulu, ine ndimatsala pampando wanga wa pazenera. Anthu amati ndimakonda za eni. Ayi. Ndimangoyang'anira, chifukwa pabwalo pano aliyense amayenda ngati ngozi inatha padziko. Sukulu sindinaipondeko, chilembo n'chimodzi chomwe sindichidziwa, koma maso ndili nawo ndipo sanatope.

Mdzukuluyo ndinamuuza zonse. Usamupsompsone pakamwa. Ukamugwira usambe m'manja ndi sopo. Usamusiye pafupi ndi waya wa wailesi. Koma chimene ndinkabwereza m'mawa ndi madzulo chinali chimodzi: usamunyamule pogwira makutu, athyoka. Makutuwo anali ataima njo, aang'ono, opyapyala moti dzuwa linkaonekera.

Patatha milungu itatu ndinadzuka n'kupeza khutu lakumanzere lagwa, likulendewera pambali pa tsaya ngati tsamba lofota.

"Ndinakuuza chiyani iwe?"

"Sindinamugwire makutu, agogo."

"Nanga lagwa lokha?"

"Eya."

"Khutu limagwa lokha? Langali bwanji silinagwe, zaka zonsezi?"

Patapita masiku anayi, linzake nalo linagwa. Ndinamupapasa Sokosi pamutu n'kupeza kamzere kolimba, kotukuka, kodutsa pamwamba pa mutu kuchokera khutu ili kukafika linalo. Ndinati mdzukulu wanga wamugwetsa pansi, mutu watupa. Mwanayo analira mpaka kulephera kupuma, akulumbira kuti sanatero, koma ine ndinaumirira. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kucheza nane. Ndikamuyankhula ankangoti "eya" kapena "ayi", maso ali kukhoma.

Chothyoka amachimanga, ine ndimadziwa zimenezo. Mwanayo akapita kusukulu ndinkadula tizidutswa ta katoni, n'kung'amba nsalu ya pilo yakale, n'kuimika makutuwo n'kuwamanga bwinobwino. Sokosi ankapukusa mutu mpaka zonse zitagwa, ine n'kumanganso molimbitsako. Tsiku lina ndinati dzuwa limathandiza mafupa, ndiye ndinatuluka naye pabwalo ali chimangireni. Apo m'pamene a Jombo anamuona.

A Jombo amakhala khomo lakumapeto. Timawatcha choncho chifukwa majombo sawavula, kaya kutenthe bwanji. Amaweta akalulu oyera a maso ofiira m'makola osanjikizana pafupi ndi mpanda, n'kumagulitsa kwa a butchala. Mlungu umenewo akalulu awo awiri anali atafa, ndipo ankangoyenda ndi nkhope yofuna munthu womukalipira.

"Agogo, n'chiyani chimenecho mwamanga ngati katundu wa paulendo?"

"Wavulala makutu."

Osapempha n'komwe, anawerama n'kumasula nsalu zija. Makutu onse awiri anangoti lende. A Jombo anabwerera m'mbuyo akupukuta manja pabuluku.

"Uku si kuvulala ayi! Ndi matenda awa. Ine akalulu ndaweta zaka khumi ndi zisanu. Kalulu makutu ake amaima. Akagwa chonchi ndiye kuti nthenda yalowa m'mutu. Taonani chotupa ichi. Ndiye anga aja wandiphera ndi ameneyu!"

Anakuwa mpaka makomo onse anatseguka. Mayi eni nyumba anatuluka kunyumba yawo yakutsogolo, makiyi akulira m'chiuno. Anamva mbali ya a Jombo, anamuyang'ana Sokosi chapatali atatseka mphuno ndi nsalu, n'kugamula.

"Pabwalo panga sindifuna matenda. Pali ana pano. Pofika Lachisanu kanyamako kakhale katachoka. A Jombo akudziwa mmene amachitira."

A telala a khomo loyandikana nafe, munthu wofatsa, anayankhula ali ndi tepi m'khosi. "Bwanji ayambe wapita kwa dokotala wa ziweto? Si patali, n'kutsidya kwa msewu waukulu basi."

A Jombo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Apite naye ndani? Agogo awa? Amene akafika pangalande amayamba apemphera?"

Bwalo lonse linaseka, ndipo silinalakwe. Msewu waukuluwo ndinali ndisanauwoloke kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira tsiku limene ndinaona njinga yamoto ikugunda mayi wogulitsa nthochi, nthochi n'kumwazika msewu wonse.

"Pepala la dokotala likabwera, tidzaona," anatero mayi eni nyumba. "Likapanda kubwera, Lachisanu."

Mwana wanga atabwera ndinamufotokozera. Anangogwira mutu. Anali atangoyamba kumene ntchito kwa mabwana atsopano, ndipo amaweruka kwa dokotalako atatseka kale.

"Ndikapempha tsiku chifukwa cha kalulu andiseka, kenako andichotsa. Tidzamupezera wina, amayi."

Mdzukulu wanga anali pansi, Sokosi ali pamiyendo pake. Kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri anandiyang'ana m'maso.

"Agogo, mukanapanda kumumanga, a Jombo sakanamuona."

Mdzukuluyo ananena zoona.

Lachinayi m'mawa, onse atachoka, ndinakhala pazenera panga. Ndinaona a Jombo akupita kuseri kwa zimbudzi ndi khasu paphewa, thumba lakale lili m'manja. Ndinamva khasu likugunda nthaka. Ndinatembenuka n'kuyang'ana Sokosi. Anali kukukuta tsamba la kabichi ngati wina amulanda, atamaliza anathamanga kuzungulira mwendo wa tebulo, n'kudumpha m'mwamba mopanda chifukwa, makutu akuwuluka uku ndi uku.

Odwala ine ndawasamalapo. Malemu amuna anga ndinawadwazika zaka ziwiri. Chodwala sichidya chonchi. Chodwala sichivina. Zitosi zake ndinkasesa ndine m'mawa uliwonse, ndipo ndinkaziyang'anitsitsa poopa mphutsi: zinali zozungulira, zouma, tsiku lililonse chimodzimodzi. M'makutu ndinkasuzumiramo ndisanamange: munali moyera, mopanda fungo. Zonsezi ndinkazidziwa, koma mantha anali atandiphimba m'maso.

Kenaka chitseko chinagogodedwa. A Jombo anali pakhonde, dothi lili m'majombo, thumba lili m'manja.

"Agogo, bweretsani tithane nazo mwana asanaweruke. N'kumuchitira chifundo kumeneko, asaone."

"Anati Lachisanu."

"Lero ndi mawa n'chimodzimodzi."

"Kwa inu n'chimodzimodzi. Chokani pakhonde panga, ndakolopa kumene."

Anandiyang'ana ngati mpando wayankhula. Chitseko ndinachigwira ndi manja awiri. Atachoka akung'ung'udza, ndinakhuthula zovala m'dengu lochapira, ndinayalamo nsalu, ndinaikamo Sokosi ndi karoti mmodzi, n'kuvundikira pamwamba. Ndinazimitsa wailesi, ndinazula mapulagi onse, ndinakhoma chitseko, ndinabwereranso kukaona ngati ndakhomadi.

A telala anaimitsa makina atandiona. "Mukupitadi, agogo?"

"Ingondiuzani njira. Za zikwangwani musandiuze, sindiwerenga."

"Mukwere mlatho wa oyenda pansi uja wodutsa pamwamba pa msewu waukulu. Mukatsika mukhotere kumanja, mudutse pogulitsira matayala. Mukaona nyumba yobiriwira yojambulidwa galu ndi ng'ombe pakhoma, mwafika. Ndikuperekezeni?"

"Sokani malaya a eni. Amene anamanga makutuwa ndine."

Mlatho umenewo anaupanga anthu osakonda nkhalamba. Masitepe ake ndi achitsulo, ndipo pakati pake pali mipata yoti munthu n'kumaona pansi. Ndinakwera dzanja limodzi lili pachitsulo, lina litakumbatira dengu. Nditafika pamwamba, lole inadutsa pansi, mlatho wonse n'kunjenjemera. Ndinaima chilili, thukuta likutsika kumsana. Kubwerera kunali kufupi kusiyana ndi kupitirira, ndipo miyendo yanga inkadziwa zimenezo. Pomwepo Sokosi anatulutsa mphuno pansi pa nsalu.

"Bwerera mkati iwe," ndinamuuza. "Usayang'ane pansi. Ukayang'ana pansi uchita chizungulire. Yang'ana kutsogolo, pang'onopang'ono, phazi limodzi kenako linalo."

Ndinamuchenjeza choncho mpaka tinatsika tsidya linalo.

M'nyumba yobiriwiramo munkanunkha mankhwala. Pabenchi panali bambo wina ndi chigalu chakuda, lilime lili panja. Ndinakakhala kumapeto kwenikweni, dengu lili pamwamba pa mawondo. Mtsikana wa pa tebulo lolandirira anthu anandipatsa pepala ndi cholembera.

"Sinditha kulemba, mwanangu. Lemba iwe, ine ndiziyankha."

"Chabwino agogo. Dzina la chiweto?"

"Sokosi. Ndi kalulu."

"Wa mtundu wanji?"

"Kodi akalulu ali ndi mitundu?"

"Yambirimbiri. Taonani pakhomapo, mwina mumuzindikira."

Pakhomapo panali chipepala chachikulu chodzaza zithunzi. Ndinaona woyera wa maso ofiira, ndendende a kwa a Jombo aja. Ndinaona wina wa ubweya ngati nkhosa, wina wamkulu ngati mwana wa mbuzi, wina wa mawangamawanga. Ndiye pamzere wam'munsi, chakumanja, panali wina wa mutu wozungulira, makutu ali lende mbali zonse ziwiri, atakhala mwamtendere ngati palibe chimene chamuchitikira. Ndinanyamuka. Chigalu chija ndinachidutsa pafupi moti mchira wake unandikhudza, ndipo ndinakumbukira kuchiopa nditafika kale pakhoma.

"Uyu anamuthyola makutu ndani?" ndinafunsa, chala chili pachithunzi.

Mtsikanayo anaseka. "Palibe, agogo. Mtundu wake ndi wotero."

Dokotalayo anali mayi wamng'ono kuposa mwana wanga, wa manja ozizira koma odekha. Anamutulutsa Sokosi m'dengu, dzanja limodzi pachifuwa, lina kumbuyo. Anamuika pasikelo. Anamuunika m'makutu ndi katochi, anamuona mano, anamuuzira mpweya paubweya kuti aone khungu. Kenaka anayamba kundifunsa.

"Makutuwa anagwa liti?"

"Lakumanzere linayamba, patatha milungu itatu chibwerereni. Linalo linatsatira patapita masiku anayi. Tsiku loyamba linkaimako pang'ono akamva phokoso, kenako linalekeratu."

"Amapendeketsa mutu? Amadzikanda m'makutu?"

"Ayi. Amakanda kawiri kapena katatu akadzuka, ndi mwendo wakumanja. Kudya amadya ngati waganyu. Madzi amamwa kwambiri masana. Zitosi ndi zouma, kupatula Lolemba lija atadya nkhaka."

Dokotala anaika katochi pansi n'kundiyang'ana. "Agogo, anthu onse akanamabwera ndi mayankho ngati amenewa, bwenzi ntchito yanga ili yopepuka."

"Nanga chotupacho?"

Anatenga chala changa n'kuchiyendetsa pakamzere kolimba kaja. "Ichi si chotupa. Ndi chizindikiro chenicheni cha mtundu wake. Akalulu enawo makutu amamera moyandikana pamwamba pa mutu, n'chifukwa chake amaima. Awa pamutu pamakhala potambalala chonchi, ndiye makutu amakankhidwira m'mbali. Akadali makanda amaima, akamakula amagwa okha, nthawi zambiri limodzi kenako linzake. Amatchedwa lopu. Uyu nkhope yake yatalikirako pang'ono, mwina kumakolo ake kunalowa mtundu wina, koma mutu ndi makutu ndi za lopu. Alibe nthenda iliyonse."

Ndinamupempha abwereze dzinalo katatu kuti lisanditayike panjira. Kenaka anatukula khutu limodzi n'kundionetsa pamene ubweya unasosoka, khungu n'kufiira.

"Koma apa pali kabala. Wina amamumanga?"

Ndinayang'ana pansi. "Ndine. Ndimati awongoke."

"Musiye lero lomwe. Muzimupaka mankhwala awa masiku asanu. Chinanso, makutu ogwa salowa mphepo, ndiye muzisuzumiramo mlungu uliwonse, mukamva fungo mubwere naye. Ndipo wina asamunyamule pogwira makutu."

"Zimenezo ndiye ndakhala ndikunena ine!"

Ndinamuuza za a Jombo, za dzenje, za Lachisanu. Analemba pepala. Ndinati adindepo chidindo, chachikulu, chooneka ndi munthu ali patali. Potuluka ndinaimanso pachithunzi chija, ndipo mtsikana wa patebulo anafufuza m'kabati n'kundipatsa kabuku kakale kokhala ndi chithunzi chomwecho.

"Aka n'ka anthu ngati ine," ndinatero, n'kukabisa pachifuwa.

Mlatho pobwerera unagwedezekanso, koma ndinalibe nthawi yake. Dzuwa linali litapendeka, ana anali ataweruka.

Phokoso ndinalimva ndisanalowe pageti. Mdzukulu wanga anali atapeza chitseko chokhoma, anasuzumira pazenera n'kuona katoni ilibe kanthu, anathamangira kuseri n'kuona dzenje. Ndinamupeza ataima pamaso pa a Jombo, yunifolomu ili fumbi lokhalokha, akukuwa kuti amubwezere kalulu wake. A telala ankayesa kumuuza kuti ndapita naye kwa dokotala, koma iye sankakhulupirira. Ndani akanakhulupirira? Bwalo lonse linali panja, mayi eni nyumba ali pakati.

Ndinaika dengu pafupi ndi mpope n'kuvundukula nsalu. Sokosi anatulutsa mutu, chidutswa cha karoti chili kukamwa. Mwanayo anasiya kukuwa n'kugwada pafupi ndi dengulo.

Mayi eni nyumba anatambasula dzanja kuti alandire pepala, koma ine ndinalipereka kwa a Jombo.

"Werengani inu. Munapita kusukulu ndinu."

Anayamba kuwerenga chapansipansi, milomo yokha ikugwedera.

"Mokweza, bambo. Ndine nkhalamba, sindimva bwino. Tsiku lija munkakuwa, mawu munali nawo."

Anawerenga. Anawerenga kuti kaluluyo wapimidwa thupi lonse, kuti alibe nthenda yopatsirana kapena ina iliyonse, kuti makutu ogwa ndi chibadwa cha mtundu wake. Atafika padzina la mtunduwo anadodoma.

"Lopu," ndinawathandiza.

A telala anaseka mpaka tepi inagwa m'khosi.

"Madokotala a masiku ano," anatero a Jombo, "amangolemba zilizonse. Ine zaka khumi ndi zisanu..."

"Zaka khumi ndi zisanu mukuweta mtundu umodzi." Ndinatulutsa kabuku kaja n'kukatsegula pamaso pawo. "Uyunso wadwala? Anamujambula ali kuchipatala?"

Kabukuko kanayenda m'manja mwa anthu, aliyense akuyang'ana chithunzi kenako Sokosi.

"Nanga anga aja anafa ndi chiyani?" anafunsa a Jombo, mawu atatsika.

"Mukanandifunsa kale. Onse awiri anali m'khola lapansi, lakumapeto. Lata la pamwamba pake linabooka. Mvula ya mlungu watha yonse inathera mwa iwo, ndipo udzu wonyowawo munauchotsa patatha masiku atatu. Ndinkaona pazenera. Wachitatu amene mwaikamo dzulo wayamba kale kuyetsemula."

Mayi eni nyumba anapita okha kukaona. Anabwerera akupukuta chala chonyowa pansalu yawo.

"Kalulu wa mwanayu akhala," anatero. "Inu a Jombo, lata limenelo likhale litakonzedwa pofika Lachisanu."

Anthu anayamba kubalalika, koma a Jombo anatsalira, kabuku kali m'manja. Ankamuyang'ana Sokosi ndi maso ena tsopano.

"Ndi wamphongo eti? Agogo, mukanandibwereka mlungu umodzi wokha. Ana a makutu otere anthu angawalimbirane."

Ndinawalanda kabukuko. "Sokosi sapita kwa munthu amene anamukumbira dzenje. Ndipo mukalikwirire dzenjelo kusanade, mwana wa munthu angathyokeremo mwendo."

Anatola khasu lawo n'kupita kuseri.

Tinatsala awiri pampope. Mdzukulu wanga anali atagwada pafupi ndi dengu, akusisita makutu aja ndi chala chimodzi. Ndinakhala pamwala wochapira.

"Makutu aja sunathyole ndiwe," ndinatero. "Anagwa okha. Ndinakunamizira, mayi wanga."

"Ndinakuuzani, agogo."

"Unandiuza."

Kenako anandiyang'ana chammbali. "Mwawolokadi msewu waukulu? Nokha?"

"Kawiri. Koma iwe usadzayerekeze. Mlatho umenewo tsiku lina udzagwa, ndaumva ndi mapazi angawa."

Anaseka, kuseka kumene ndinali nditakusowa m'nyumba muja. Anamunyamula Sokosi n'kumukweza kufupi ndi nkhope yake.

"Gwira bwino kumbuyoko," ndinatero. "Ndipo ndati usamupsompsone pakamwa."